Galu wayamba kutsekereza mayi wake pakhomo ndi kulera patapata: kodi ndi matenda kapena malodza?

Mayi Nabanda, Senga Bay

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za agalu. Pakhomo pathu pali agalu awiri aakazi, mayi ndi mwana wake. Wamkulu, dzina lake Sheba, ali ndi zaka 8, ndipo mwana wake, amene ana anga anamutcha Tilekeni, wakwanitsa zaka 2 chaka chino. Onse ndi agalu achikuda, sanachotsedwe chiberekero, ndipo kuyambira pamene Tilekeni anasiya kuyamwa akhala akudyera m'mbale imodzi ndi kugona limodzi pakhonde la khitchini popanda mkangano.

M'masabata apitawa zinthu zasintha. Tilekeni wayamba kugona chopingasa pakhomo la khitchini, ndipo Sheba akafuna kudutsa, iye sauwa kapena kuluma, koma amangodzutsa mutu ndi kumuyang'anitsitsa mpaka mayi wakeyo atabwerera. Nthawi zina amaika chibwano pamsana pa Sheba n'kuima osagwedezeka, ndipo nthawi zina amamukwera monga achitira galu wamphongo, chonsecho onse ndi aakazi. Chimene chikundisokoneza n'chakuti galu yemweyo, pakapita kanthawi, amapita kukanyambita Sheba m'makutu ndi kumbuyo kwake kwa nthawi yaitali, moti munthu wongofika kumene angati ndi agalu okondana kwambiri.

Palinso china. Tilekeni anatola patapata yakale ya mwana wanga, anakumba dzenje pansi pa mtengo wa mango, ndipo amagona nayo m'menemo akuinyambita. Mawere ake atupa ndipo akutuluka timkaka, pamene sanakweredwe, chifukwa onse awiri atalowa m'nyengo yofuna amphongo mu Ogasiti tinawatsekera m'khola usana ndi usiku. Sheba akangoyandikira dzenjelo, Tilekeni amadzuma ndi kuonetsa mano. Posachedwapa anamenyana kwenikweni polimbirana mutu wa kampango umene unagwa pamene tinkakonza ndiwo, ndipo Sheba anang'ambika khutu ndi kubooledwa pakhosi.

Azakhali anga akuti galu wolera nsapato ndi malodza ndipo tisamusunge, pamene bambo a kunyumba akuti tingopereka mmodzi kwa achibale. Ine ndikufuna ndimvetse kaye chimene chikuchitika, makamaka chifukwa ana aang'ono amasewera ndi agalu onsewa tsiku lililonse.

Bambo Phiri, Mwansambo

Mayi, azakhali anu muwalemekeze, koma apa palibe malodza. Ine ndasunga agalu kuyambira ndili mnyamata, oteteza chimanga kwa anyani, ndipo zimene mukunenazi ndaziona kambirimbiri. Mwana wa galu akakula salabadiranso zoti uyu ndi amene anandiyamwitsa, amangoona galu mnzake amene akugona pamalo abwino ndi kuyamba kudya. Akuluakulu anati nkhunzi ziwiri sizikhala m'khola limodzi, ndipo Tilekeni wafika pamsinkhu woti akufuna pakhomopo pakhale pake.

Malangizo anga ndi akuti musalowerere kwambiri. Eni agalu ambiri amamvera chisoni wokalambayo, n'kumamupatsa chakudya poyamba ndi kukalipira wamng'onoyo, koma zimenezi zimangotalikitsa mkangano, chifukwa wokalambayo amalimba mtima akaona mwini wake ali pafupi, ndipo wamng'onoyo amadikira kuti muchokepo. Asiyeni agwirizane okha kuti wamkulu ndani.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Agalu amphongo akamamenyana pamakhala phokoso lalikulu ndi fumbi, koma kawirikawiri mabala amakhala ochepa, ndipo madzulo mumawapeza agona pamodzi. Aakazi amamenyana mwakachetechete, amagwira osataya, ndipo saiwala msanga. Magazi akatulukanso kachiwiri, mumvere bambo a kunyumba ndipo mmodzi apite kwa achibale.

Bambo Mwale, Nkhotakota Boma

Mayi Nabanda, ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto m'chigawo cha zaulimi cha Salima, chomwe chimaphatikiza maboma a Salima ndi Nkhotakota, kufikira pamene ndinapuma. Bambo Phiri anena zoona pa nkhani ya msinkhu, pakuti galu amatha kubereka asanakwanitse chaka, koma khalidwe lake limakhwima pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 3, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene agalu ambiri amene ankagwirizana amayamba kukangana. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti muwasiye, chifukwa m'nkhani yanu ndikuona zinthu ziwiri za m'thupi zoyenera kuonedwa tisanayambe kukamba zoti wamkulu pakhomo ndani.

Ndiyambe ndi patapata ija. Galu wamkazi akatuluka m'nyengo yofuna amphongo, thupi lake limayenda chimodzimodzi kaya watenga bere kapena ayi. Homoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa ntchito za ziwalo) yotchedwa progesterone imakhala yokwera kwa miyezi pafupifupi iwiri, nthawi yofanana ndi ya bere lenileni lomwe limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo ikayamba kutsika, homoni ina yotchedwa prolactin, yomwe imabweretsa mkaka, imakwera. Kwa agalu ena kusintha kumeneku kumakhala kwamphamvu kwambiri moti galuyo amakhala ngati waswadi: mawere amatupa, amakumba malo oberekera, amatola nsapato, chidole kapena mwala n'kumaulera, ndipo amauteteza monga angatetezere ana enieni. Limeneli ndi bere labodza, ndipo mukawerenga kuchokera mu Ogasiti muona kuti nthawi yake ikugwirizana ndendende. Choncho Tilekeni akamadzumira Sheba pafupi ndi dzenje lija, m'maganizo mwake akuteteza mwana. Kawirikawiri zimenezi zimatha zokha m'masabata awiri kapena atatu. Musamukame mawere kapena kuwathowa, chifukwa kuwakhudza kumachulukitsa mkaka. Patapatayo muichotse iye ali kwina, dzenjelo mulikwirire, ndipo muzipita naye koyenda m'mawa ndi madzulo kuti maganizo ake achoke pamenepo. Mukaona bere lina la mkaka lauma gwa, likutentha kapena lasintha mtundu, pamenepo pafunika a vetenale.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi Sheba. Galu sasiya kulowa m'nyengo chifukwa cha ukalamba monga achitira munthu, ndipo galu wamkazi wachikulire amene sanachotsedwe chiberekero amatha kudwala matenda otchedwa pyometra, omwe chiberekero chimadzaza mafinya, makamaka m'miyezi iwiri yotsatira nyengo yofuna amphongo. Mwanena kuti Tilekeni amamunyambita kumbuyo kwa nthawi yaitali. Agalu amanunkhizana kumbuyo tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo si zachilendo, koma galu akaumirira malo amodzi pathupi la mnzake nthawi zambiri pamakhala fungo latsopano limene mphuno ya munthu sinayambe kulimva. Ndikupemphani muone ngati Sheba akumwa madzi ambiri kuposa kale, ngati akukodza pafupipafupi, ngati wachepetsa kudya, ngati mimba yakula, ndiponso ngati pamalo amene wagona pakutsala zothimbirira. M'makutu namonso muyang'anemo, chifukwa khutu lotuluka mafinya, nkhupakupa zobisala m'kati, kapena zilonda za ntchentche m'mphepete mwa makutu zimakopa lilime la galu mnzake. Mutukulenso mlomo wake muone nkhama. Zikakhala zoyererako m'malo mofiira, magazi achepa, ndipo kuno kunyanja choyamba kuchiganizira ndi matenda obwera ndi nkhupakupa. Ife okhala pafupi ndi nkhalango ya Nkhotakota timaganiziranso kashembe, yemwe amadwalitsa agalu mpaka maso kuchita ng'ala, koma zimenezo simunazitchule.

Chifukwa chake ndikulimbikira za thanzi la Sheba n'chakuti mtendere wa agalu okhala pamodzi umadalira kuti aliyense aziona msanga chizindikiro cha mnzake ndi kuchiyankha. Galu amene akumva ululu m'chiuno sadzuka msanga kuti apatuke, amene maso ndi makutu ayamba kufooka saona kuti mnzake waumitsa thupi, ndipo amene akudwala amapsa mtima akangogundidwa pang'ono. Wamng'onoyo amaona ngati chenjezo lake lanyozedwa, n'kuonjezera mphamvu. Mukawasiya kuti athane okha pamene mmodzi ndi wodwala wa zaka 8 ndipo wina ndi wa zaka 2 amene akudziona ngati ali ndi mwana, mapeto ake ndi mtembo.

Za kukwerana musade nazo nkhawa. Agalu aakazi amakwerana, amphongo okhaokha amakwerana, ngakhale tiana timatero posewera, ndipo zimachuluka galu akatengeka maganizo kapena mahomoni akamasintha. Ngati Sheba zikumusowetsa mtendere, ingomuitanani Tilekeni achokepo.

Kuyambira lero mbale zikhale ziwiri, ndipo aliyense azidyera kumene mnzake sakumuona, wina kuseri kwa nyumba wina m'khola. Akamaliza muzichotsa mbalezo, chifukwa ngakhale mbale yopanda kanthu imalimbiranidwa. Mitu ya nsomba, mafupa ndi mikute zisaponyedwe pabwalo onse ali pomwepo, ndipo ana auzidwe zimenezi momveka bwino. Sheba mumukonzere pogona pena pamthunzi pamene safunika kudutsa pakhomo la khitchini kuti akafikepo. Pomaliza, musamumenye Tilekeni chifukwa chodzuma. Kudzuma ndi chenjezo, ndipo galu amene amamenyedwa akachenjeza amaphunzira kuluma osachenjeza.

Mayi Nachisale, Khombedza

Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo, ndipo sindingaone nkhani ya galu wosintha khalidwe pakhomo pamene pali ana popanda kufunsa za chiwewe. Mayi Nabanda, simunatiuze ngati agaluwa analandira katemera ndiponso kuti analandira liti, komanso ngati pali wina amene analumidwa kapena kukandidwa powaleretsa.

Kunena zoona, zimene mwafotokozazi sizikufanana ndi chiwewe. Galu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe sapitirira masiku 10 ali moyo, pamene Tilekeni wakhala akuchita zimenezi kwa masabata, akudya, akumwa, ndipo ukali wake uli ndi malo ake ndi chifukwa chake. Galu wachiwewe amaluma chilichonse, kaya mtengo, unyolo kapena mwini wake, amayendayenda osadziwa kumene akupita, mawu ake amasintha ndipo dovu limangotuluka chifukwa akulephera kumeza. Koma anthu ambiri sadziwa kuti pali mtundu wina wa chiwewe umene galu sachita ukali, amangofooka, n'kukhala duu chibwano chili pansi, ndipo eni ake amapisa dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwa ndi fupa kapena munga wa nsomba. Zimenezo musadzayese. Matendawa amathanso kubisala m'thupi la galu kwa masabata kapena miyezi atalumidwa ndi galu woyendayenda kapena nkhandwe, choncho galu amene sanabayidwe ndipo amatuluka usiku sitingamuikire umboni.

Munthu akalumidwa, ngakhale ndi galu wa pakhomo, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo galuyo atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10 m'malo mophedwa msangamsanga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo gawo lalikulu ndi ana, chifukwa ana amasewera ndi agalu ndipo amabisa akakandidwa poopa kukalipiridwa. Mwana wa galu amayamba kubayidwa ali ndi miyezi itatu, ndipo kuno kwathu ndi bwino kubayitsa chaka chilichonse a vetenale akalengeza.

Aphunzitsi Kamanga, Chipoka

Ndikufuna kuonjezera pa kusiyana maganizo kwa Bambo Phiri ndi Bambo Mwale, chifukwa ganizo lakuti pagulu la agalu pamakhala mfumu imodzi imene imalanda ufumu pomenya anzake ndi lofala kwambiri, ngakhale pakati pa anthu ophunzira. Ganizoli linakula ndi kafukufuku wa Rudolf Schenkel, yemwe mu 1947 analemba za mimbulu ya ku Ulaya yosungidwa kumalo oonetsera nyama ku Basel, m'dziko la Switzerland. Mimbulu imeneyo inali yotoledwa kosiyanasiyana n'kutsekeredwa pamodzi, choncho inkamenyana kawirikawiri. Katswiri wina wa ku America, David Mech, yemwe poyamba anathandiza kufalitsa ganizo lomweli, atayang'anira mimbulu yakutchire pachilumba cha Ellesmere ku Canada analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, la makolo ndi ana awo, ndipo ana akakula amachoka kukayamba mabanja awo m'malo molanda malo a makolo. Tilekeni alibe kopita, chifukwa mpanda ndi mbale ya chakudya zamusunga pamodzi ndi mayi wake pamsinkhu umene kutchire akanakhala atachoka.

Mukawayang'anitsitsa agalu a pakhomo limodzi mupeza kuti amene amapatukira mnzake amasintha malinga ndi chinthu chimene chili pakati pawo. Wina saseweretsa chakudya koma pogona alibe nazo ntchito, wina amalola kulandidwa fupa koma salola mnzake kuyandikira mwini nyumba. N'chifukwa chake funso lothandiza ndi lakuti akulimbirana chiyani, pamalo ati, nthawi yanji. Kwa inu mayi mayankho aoneka kale, ndiwo khomo la khitchini kumene kumachokera chakudya, dzenje la pamango, ndi nsomba.

Ndewu isanayambe thupi limayankhula. Galu amene akupewa mkangano amayang'ana kumbali, amayasamula pamene alibe tulo, amanyambita mphuno yake, kapena amayamba kununkhiza pansi popanda chifukwa. Amene akuopseza amaumitsa thupi, amatseka pakamwa, amayang'anitsitsa, ndipo mchira umaima m'mwamba. Anthu ambiri amanyengeka ndi mchira, poganiza kuti galu wogwedeza mchira ndi wokondwa nthawi zonse, pamene mchira woima m'mwamba umene ukugwedezeka pang'onopang'ono thupi lili gwa ndi chizindikiro choti mupatule agaluwo nthawi yomweyo. Kuika chibwano pamsana pa mnzake n'kuima osagwedezeka, monga achitira Tilekeni, kuli m'gulu lomweli. Masewera amadziwika chifukwa matupi amakhala omasuka, galu amagwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, amasinthana wothamangitsa ndi wothamangitsidwa, ndipo amapumira pakati. Ngati muli ndi foni yojambula, ajambuleni pamene akumana pakhomo paja, chifukwa zizindikirozi zimadutsa mofulumira ndipo a vetenale angathandizike poona kanemayo.

Akagwirana, dzanja lisapite kumutu kapena pakhosi, chifukwa galu amene ali pandewu amaluma chilichonse chomukhudza. Athireni ndowa ya madzi, kapena lowetsani thabwa kapena chitseko chakale pakati pawo, ndipo ana akhale kutali.

Mayi Nabanda, Senga Bay

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Nachisale, agalu onse anabayidwa katemera wa chiwewe chaka chino pamene a vetenale anabwera m'dera lathu, ndipo makadi ndili nawo. Palibe amene analumidwa, chifukwa bambo a kunyumba anawathira madzi.

Bambo Mwale, ndayang'ana zimene munanena. Sheba akumwadi madzi ambiri, ndipo tinkati ndi kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja. Nsima ya madeya ndi bonya imene kale ankamaliza, masiku ano akusiya theka, dzulo anasanza, ndipo pa chiguduli chimene amagonera pali zothimbirira zofiirira za fungo loipa. Nkhama sizinayere kwenikweni. Bala la pakhosi ndi kabowo kakang'ono koma pozungulira pake patupa. Kodi ndingayambe ndamupatsa mankhwala opha ululu amene tili nawo m'nyumba pamene tikufunafuna ndalama ya ulendo?

Bambo Mwale, Nkhotakota Boma

Mayi, mankhwala a anthu musamupatse. Brufen amaononga chifu ndi impso za galu, ndipo impso za Sheba zili kale pa chiopsezo ngati matendawa ndi amene ndikuwaganizira. Panado nayenso saperekedwa popanda dokotala wa ziweto kuyeza kulemera kwa galu.

Kumwa madzi kwambiri, kusanza, kuchepetsa kudya ndi zotuluka zonunkha mwa galu wamkazi wa zaka 8 amene anali m'nyengo miyezi iwiri yapitayo ndi chithunzi cha pyometra, ngakhale wotsimikiza ndi amene amugwire ndi manja. Mwayi ulipo chifukwa mafinya akutuluka, pakuti khomo la chiberekero likatsekeka amaunjikana m'kati ndipo galu amatha kufa m'masiku ochepa, koma musatenge zimenezi ngati chilolezo chodikira kutha kwa mwezi. Mawa m'mawa muimbire kapena mupite ku ofesi ya zaziweto ya boma ku Salima, mufotokoze zizindikiro zonse monga mwalembera pano, ndipo mufunse ngati angathe kuchita opaleshoni. Mankhwala opha tizilombo paokha kawirikawiri amangochepetsa matendawa kwa kanthawi, ndipo chithandizo chodalirika ndi kuchotsa chiberekero. Ngati sizingatheke ku Salima, ku Lilongwe kuli madokotala a ziweto ochita opaleshoni, kuphatikizapo chipatala cha bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA, ndipo kuchokera pa boma la Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Munyamuke dzuwa lisanakwere, mutenge madzi akumwa, ndipo mufunsiretu ngati ayenera kupita asanadye. Bala la pakhosi mukalionetse ulendo womwewo, chifukwa dzino la galu limasiya kabowo kakang'ono pakhungu pamene m'kati laphwanya minofu, ndipo kutupa kumene mukuonako kungakhale chithupsa chimene chikuyamba. Pakadali pano litsukeni ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono ndipo muliteteze ku ntchentche.

Akabwerako, agaluwa asakumane mpaka ulusi utachotsedwa, zomwe zimachitika pakatha masiku 10 mpaka 14. Galu wochokera kuchipatala amabwera ndi fungo lachilendo ndipo amayenda mofooka, ndipo nthawi imeneyi ndi pamene mnzake wa pakhomo amatha kumuukira ngati mlendo. Mukadzayamba kuwaphatikizanso, muyambire kunja kwa mpanda, anthu awiri aliyense atagwira galu wake pachingwe, mukuyenda mbali imodzi motalikirana, kenako muzichepetsa mpatawo tsiku ndi tsiku malinga ndi mmene matupi awo akuonekera.

Tilekeni nayenso ndi bwino adzachotsedwe chiberekero, chifukwa galu amene wachita bere labodza kamodzi nthawi zambiri amabwereza nyengo iliyonse, koma opaleshoni yake idikire mpaka mkaka utaumiratu, apo ayi zizindikirozo zimatha kupitirira nthawi yaitali. Ndisakulonjezeni kuti opaleshoni ithetsa mkangano wonse. Imachotsa ndewu zobwera ndi nyengo ndi bere labodza, koma siifafaniza zimene agaluwa aphunzira kale zokhudza wina ndi mnzake. Ngati Sheba atachira, mkaka wa Tilekeni utauma, ndipo mbale ndi pogona zili zosiyana, adzamenyanabe mpaka kuvulazana, pamenepo mawu a Bambo Phiri adzagwira ntchito, ndipo woyenera kupita kwa achibale ndi Tilekeni, chifukwa galu wa zaka 2 amazolowera khomo latsopano mosavuta kuposa wa zaka 8 amene wangochitidwa kumene opaleshoni.